Akazi pa Nchito ya Udotolo: Mbiri ya ku Edinburgh

Masiku ano munthu akalowa m'cipatala napeza dotolo wamkazi, sazizwa ai. Koma kale khomo la nchito imeneyi linali lotsekeka kwa akazi, ndipo amene analitsegula anasauka nalo ndithu.

Kuyambira m'caka ca 1869 akazi asanu ndi awiri, mtsogoleri wao Sophia Jex-Blake, analowa m'sukulu yaikulu ya University of Edinburgh, m'dziko la Scotland, kuti aphunzire udotolo. Anawalipiritsa ndalama zambiri koposa amuna, nawaphunzitsa paokha. Pa 18 November 1870, pamene analikupita kukalemba mayeso ku Surgeons' Hall, khamu la anthu linawatukwana ndi kuwaponyera matope, ndipo ena analowetsa nkhosa m'cipinda ca mayesoco. M'caka ca 1873 bwalo la milandu linaweruza kuti sukuluyo iri nayo mphamvu yakuwamana madigiri.

Jex-Blake sanataye mtima. M'caka ca 1874 anathandiza kutsegula sukulu ya udotolo ya akazi okha ku London. M'caka ca 1876 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inapanga lamulo lakulola akazi kuyesedwa, ndipo m'caka cotsatira iye anapambana mayeso ku Bern ndi ku Dublin, nakhala dotolo.

Koma kutseguka kwa sukulu sikunathetse mlandu. Ku Edinburgh komweko, m'caka ca 1929, Agnes Yewande Savage, mwana wa dotolo wa ku Nigeria, anatsiriza maphunziro a udotolo mopambana. Ndiye anali mkazi woyamba wa mtundu wa ku West Africa kukhala dotolo. Atalowa nchito ya Boma ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, anamlipira ndalama zocepa koposa madotolo Acizungu, namgoneka m'nyumba za anchito. Pamenepo anasenza akatundu awiri, wa ukazi ndi wa khungu. Komabe anaphunzitsa ku Achimota, naciritsa odwala m'cipatala ca Korle Bu ku Accra, nathandiza kuyambitsa sukulu ya anamwino kumeneko. Malipiro olingana ndi a Azungu anawalandira m'caka ca 1945, zitatsala zaka ziwiri zokha kuti apume pa nchito.

Ndipo akazi asanu ndi awiri aja? University of Edinburgh inawapatsa madigiri aulemu m'caka ca 2019, zitapita zaka 150, onse atagona kale m'manda. Ulemu wocedwa cotere suciritsa wodwala ngakhale mmodzi.