Agogo anga, msilikali wa Keyala

Sabata yatha ndimaphunzitsa Fomu 4 za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mtsikana wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga nkhondo ya azungu imeneyi ikutikhudza bwanji ife?" Belu linalira ndisanamuyankhe bwino. Ndiye lero ndati ndiyankhe pano pokuuzani za agogo anga aamuna, obereka mayi anga, omwe anatisiya m'chaka cha 2003.

Agogo anali msilikali wa King's African Rifles, gulu lomwe anthu kumudzi ankangoti Keyala. Analembedwa usilikali ku Zomba nkhondo itangoyamba kumene mu 1939. Ankanena mosabisa kuti sanapite chifukwa chokonda mfumu ya ku Mangalande ayi. Msonkho unali pakhosi, ntchito kunalibe, ndipo ku Keyala kunali malipiro, yunifolomu ndi chakudya.

Poyamba asilikali a ku Nyasaland anamenyana ndi Mataliyana chakumpoto kwa Kenya, ku Somaliland ndi ku Abyssinia m'zaka za 1940 ndi 1941. Mu 1943 gulu la agogo linakwera sitima ya pamadzi ku Mombasa kupita ku Ceylon, komwe lero timati Sri Lanka, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Mu 1944 analowa m'dziko la Burma pansi pa 11th East African Division kukalimbana ndi Majapani. Anadutsa chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yosakata, mpaka anafika pa mtsinje wa Chindwin chakumapeto kwa chakacho. Agogo sankakonda kukamba za kuwomberana. Zimene ankakumbukira ndi matope ofika m'mawondo, misundu, malungo, ndiponso anzawo omwe anaikidwa m'manda kutali ndi kwawo popanda mbale wolira.

Japan itagonja mu 1945, anabwerera kumudzi chaka chotsatira ndi mamendulo, bokosi lachitsulo ndi tindalama tomwe anagulira njinga yakapalasa. Anakwatira chikamwini kufupi ndi Lunzu, ndipo mayi anga anabadwa mu 1947.

Ndili mnyamata ndinkaganiza kuti chamuna chawo chonse chinali ku Burma. Anandiwongola ndi agogo aakazi. Tsiku lina ndikupukuta mamendulo aja anandiuza kuti, "Mdzukulu wanga, zitsulozo sizinadyetse mwana. Uziwafunsa za 49."

Njala ya 1949 inasautsa kwambiri chigawo chakumwera, makamaka madera ozungulira Blantyre, chifukwa mvula inadula chimanga chisanakhwime. Anthu anafika podya madeya ndi mizu yakutchire. Amuna ambiri ananyamuka kukasaka chakudya ku Neno, ku Mwanza ndi ku Ntcheu, ndipo ena mwa iwo anakakwatira komweko osabwereranso. Kwa mkamwini kuchoka kunali kosavuta, pakuti munda, nyumba ngakhale ana zinali za kuchikazi. Megan Vaughan analemba zimenezi m'buku lake lonena za njalayi, atacheza ndi amayi a m'dera lomwelo.

Agogo nawonso anapita ku Ntcheu. Anagwira ganyu, n'kumangirira chimanga panjinga, ulendo wobwerera. Anachita zimenezi maulendo angapo. Paulendo womaliza anasinthanitsa njinga ija ndi chimanga, ndipo anafika wapansi, katundu ali pamutu, mapazi atatupa. Agogo aakazi ankati usiku umenewo anasinja mwakachetechete kuopa kudzutsa mudzi wonse, koma kutacha amuna awo anawauza kuti apungulireko amayi awiri oyandikana nawo omwe anathawidwa ndi amuna awo. Mayi anga anali ndi zaka ziwiri. Agogo akanatsalira ku Ntcheu, mwina ine sindikanabadwa n'komwe.

Nditawafunsa chifukwa chake anabwerera, anaseka pang'ono n'kunena kuti ku Burma anaona mmene munthu amafera akuitana amake, ndiye sakanatha kusiya mwana wawo akulira njala. Sanawonjezerepo china.

Anakhala ndi agogo aakazi zaka zoposa 50. Analera ana asanu ndi mmodzi, ndipo onse anawatumiza kusukulu ndi ndalama za ulimi ndi ulonda. Usilikali sunawachoke: ankadzuka kusanache, nsapato zinkawala ngakhale zinali zachigamba, ndipo mwezi wa November ukafika ankavala mamendulo awo n'kukhala pafupi ndi wailesi kumvetsera mwambo wokumbukira asilikali. Koma sindinawaonepo atakwezera dzanja mkazi wawo kapena mwana.

Mukamadutsa pa chipilala cha asilikali ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, muziimako pang'ono. Asilikali a nkhondo ya 1939 atsala ochepa kwambiri, ndipo silabasi yathu imanena zambiri za Hitler ndi Churchill kuposa za iwowa. Aphunzitsi anzanga, tiyeni tiziwatuma ana kukafunsa akuluakulu kumudzi ndi kulemba zimene amva, mabokosi achitsulo aja asanatayidwe. Ine ndinachedwa, ndinangolemba masamba anayi okha agogo ali moyo. Lolemba ndikawawerengera a Fomu 4, kuyambira ndi mtsikana uja.