Ulendo wa Zipani m'Malawi Kuyambira 1944

Ndale za zipani m'dziko muno zinayamba ndi makalata a madandaulo. Mu 1944 timagulu ta m'maboma, timene tinkadandaulira atsamunda za misonkho, minda ndi sukulu, tinasonkhana ku Blantyre n'kupanga Nyasaland African Congress, motsogozedwa ndi Levi Mumba. Chimene chinalipatsa mano bungweli ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene atsamunda anachikakamiza mu 1953. Achinyamata monga Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume anaitana Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Pa 3 Malichi 1959 boma linaletsa Congress, anthu anaomberedwa ku Nkhata Bay, Kamuzu anakatsekeredwa ku Gwelo. Chaka chomwecho Orton Chirwa anakhazikitsa Malawi Congress Party, n'kusungira Kamuzu mpando mpaka atatuluka m'ndende.

Ambiri amaiwala kuti chisankho cha 1961 chinali cha zipani zingapo, kuphatikizapo United Federal Party. MCP inapambana chifukwa anthu ankaifunadi. Zinthu zinasokonekera patangopita miyezi iwiri tilandirireni ufulu. Mu Seputembala 1964 nduna zinatsutsana ndi Kamuzu pa za ndalama zolipira m'zipatala, za kuchedwa kupereka maudindo kwa Amalawi m'boma, ndi za ubale wake ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Orton Chirwa, Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa. Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo. Kuyambira pamenepo woganiza mosiyana ankatchedwa chigawenga. Mu 1966 malamulo anavomereza chipani chimodzi chokha, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala Pulezidenti wamuyaya.

Amene anakhalapo nthawi imeneyo amakumbukira ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Amakumbukiranso khadi. Popanda khadi la chipani munthu sankalowa mumsika, sankakwera basi mwamtendere, ayufi ali chilili pachipata. Zisankho za aphungu zinkachitika ndithu, koma opikisana onse anali a nyumba imodzi, ovomerezedwa ndi mwini wake. Mu Meyi 1983 andale a MCP Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Orton Chirwa, amene anayambitsa chipanicho, anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992.

Chaka chomwecho, pa 8 Malichi, kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, kunena poyera zimene anthu ankangonong'onezana. Mu Epulo Chakufwa Chihana, amene ankalimbikitsa ndale za matipate, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mayiko opereka thandizo anaimitsa ndalama zawo. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 nyali, chizindikiro cha matipate, inagonjetsa tambala wakuda wa MCP ndi mavoti opitirira 60 pa 100 alionse, matipate n'kulowa m'dziko.

Chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chinatiphunzitsa kanthu kamene mabuku a ndale sanatikonzekeretse. Njira yathu yovotera tinatengera ku Britain: wopeza mavoti ochuluka m'dera ndiye phungu, ngakhale apose mnzake ndi voti imodzi. Ku Britain ndi ku America njira imeneyi imalimbikitsa zipani ziwiri zikuluzikulu, chifukwa anthu safuna kutaya voti pa chipani chaching'ono. Kwathu kuno inabala zitatu, chilichonse ndi chigawo chake. Pa mipando 177, UDF inatenga 85, makamaka kumwera. MCP 56, makamaka pakati. AFORD ya Chihana 36, pafupifupi yonse kumpoto. Anthu sankasiyanitsa zipanizi ndi mfundo za ulimi kapena misonkho ayi. Ankayang'ana kumene mtsogoleri akuchokera.

Chondiwawa n'chakuti chizolowezi cha chipani chokhala ndi mwini wake sichinapite ndi tambala wakuda. Chinangogawikana. Bingu wa Mutharika anapambana ndi UDF mu 2004, chaka chotsatira anayambitsa DPP. Joyce Banda atachotsedwa mu DPP anayambitsa People's Party. Saulos Chilima anatuluka mu DPP n'kutsogolera UTM mu 2018. Boma likasintha, aphungu amakhamukira kumbali yolamula ngati nkhuku zikamva chimanga chikukhutulidwa, ngakhale gawo 65 la malamulo a dziko likuletsa. Ndi zipani zingati zimene membala wamba angadzudzule mtsogoleri pa msonkhano waukulu n'kubwerako akadali membala?

Kusintha kwakukulu kunachokera kukhothi. Mu 2014 Peter Mutharika analowa m'boma ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100. Chisankho cha 2019, chija cha Tipp-Ex, chinathetsedwa ndi khothi pa 3 Febuluwale 2020, ndipo oweruza anati wopambana ayenera kuposa theka la mavoti. Lamulo la 50+1 linakakamiza zipani kufunafuna anzawo: Tonse Alliance ya Lazarus Chakwera mbali iyi, DPP ndi UDF mbali inayo, ndipo Chakwera anapambana chisankho chobwereza. Pa mapepala zipani zilipo zambirimbiri, koma mpikisano wa upulezidenti tsopano ukupendekera ku misasa iwiri. Ndikuona kuti n'chinthu chabwino, chifukwa palibenso amene angalamulire ndi mavoti a kwawo okha. Mu 2025 ovota anachotsanso pulezidenti amene anali pampando n'kubwezera Peter Mutharika.

Nanga mbiri ikuwaweruza bwanji atsogoleriwa? Chiweruzo chake chimasintha ndi mtengo wa feteleza. Muluzi, amene anapambana upulezidenti ndi UDF mu 1994, amatamandidwa chifukwa cha sukulu za pulayimale zaulere, koma amakumbukiridwanso poyesa kuchotsa malire a materemu mu 2002. Bingu wa makuponi a feteleza ndi yemweyo wa pa 20 Julayi 2011, pamene apolisi anapha anthu ochita zionetsero. Kamuzu anavomereza kugonja mu 1994, khothi linamupeza wosalakwa pa mlandu wa ku Mwanza mu 1995, anapepesa mtundu mu 1996, ndipo anamwalira ku Johannesburg mu 1997. Lero ali ndi chiliza ku Lilongwe, tsiku lake pa 14 Meyi, ndi nkhope pa K1,000. Rose Chibambo, amene iye anamuchotsa, ali pa K200.

Ndalama ikachepa mphamvu, timamva anthu akuti nthawi ya Ngwazi Kamuzu zinthu zinali bwino. Misewu, yunivesite ndi likulu la Lilongwe n'zoonadi, ndipo palibe chifukwa chozibisa. Koma ndende ya Mikuyu nayo ndi yoona. Aphunzitsi, makolo ndi inu mukuwerenganu, pouza ana za Kamuzu muziwauzanso mayina a Chirwa, Matenje, Gadama, Sangala ndi Chiwanga.