Nkhoswe Yofika Mochedwa: Mlandu wa Beatrice Cenci ku Roma, 1599

Pa 11 Seputembala 1599 chinamtindi cha anthu chinasonkhana pa bwalo la pafupi ndi mlatho wa Sant'Angelo, mu mzinda wa Roma, kudzaonerera chilango cha banja limodzi. Lucrezia Petroni anadulidwa mutu. Pambuyo pake anadulidwanso Beatrice Cenci, mwana wake womupeza, mtsikana wa zaka 22. Giacomo, mlongo wake wa Beatrice, anamphwanya mutu ndi chibonga, mtembo wake naudula panayi. Bernardo, mlongo wake wamng'ono, anamkhazika pomwepo kuti aone zonse ndi maso ake. Mlandu wawo unali wopha Francesco Cenci, mwamuna wa Lucrezia ndi bambo wa ana atatuwo. Amene anakana kuwachitira chifundo anali Papa Clement VIII, pakuti masiku amenewo Apapa analinso mfumu yolamula dziko, ndipo mabwalo a milandu a ku Roma anali m'manja mwawo.

Nkhaniyi si yokoma kwa ife a mu Eklezia, koma iyenera kudziŵika, chifukwa imaonetsa poyera vuto limene amakumana nalo aliyense woimira pa mlandu mnyamata kapena mtsikana amene wachita zoopsa m'nyumba ya makolo ake. Bwalo limafunsa za usiku umodzi, pamene nkhoswe imafuna kuti limve za zaka zambiri.

Francesco Cenci anali mmodzi wa anthu olemera kwambiri mu Roma. Chumacho anasiyiridwa ndi bambo wake Cristoforo, amene anali msungichuma wa boma la Apapa. Za nkhanza zake panalibe wosadziŵa. Anaimbidwa milandu kangapo, kundende analoŵako, koma nthaŵi zonse ankatuluka atalipira. Mu 1594, pa mlandu wa zadama, anadziombola ndi masikudo 100,000, ndalama za dzikolo, zimene munthu wamba sakanazipeza ngakhale atagwira ntchito moyo wake wonse. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Bwalo linkamdziŵa bwino munthuyu, koma linkamdziŵa ngati kasupe wa ndalama.

Mu 1595 Francesco anachotsa mkazi wake ndi Beatrice ku Roma nakawatsekera m'linga la ku Petrella Salto, kumapiri, m'dziko lolamulidwa ndi ufumu wa Naples. Kumeneko anatseketsa mazenera a zipinda zawo, ndipo chakudya ankalandirira pa kaboo ka pa chitseko. Beatrice analemba makalata kwa abale ake ku Roma kupempha kuti amchotseko, ngakhale kukamuika ku nyumba ya asisitere kapena kumpezera banja. Kalata ina inagwa m'manja mwa bambo wake. Mu Disembala 1597 iye anapita ku Petrella, namkwapula mwanayo ndi chikoti mpaka kumvulaza. Tisapitirire msanga pamenepa. Mtsikanayu anayamba wayesa njira yoyenera, yopempha thandizo kwa akulu, ndipo malipiro ake anali chikoti.

Pa 9 Seputembala 1598 Francesco anaphedwa ali m'tulo. Anamupha ndi Olimpio Calvetti, woyang'anira lingalo, ndi mnzake Marzio Catalano, atapangana ndi Beatrice, Lucrezia ndi Giacomo. Mtembo anauponya pansi kuchokera pa khonde lam'mwamba kuti zioneke ngati ngozi. Koma mlandu suola. Anthu a m'mudzimo anayamba kunong'onezana, mtembo unafukulidwa, ndipo mabala a m'mutu anaonetsa kuti sikunali kugwa chabe. Marzio anagwidwa, anaulula pozunzidwa, namwalira m'ndende. Olimpio anaphedwa mu Meyi 1599 asanafike pa bwalo. Mu Ogasiti Apapa analoleza kuti a banja la Cenci, ngakhale anali a mtundu wolemekezeka, afunsidwe mowazunza ndi chingwe: kumanga manja kumbuyo ndi kumkweza munthu m'mwamba. Onse anavomera.

Apa mpamene analoŵerapo Prospero Farinacci, katswiri wa malamulo a milandu yaupandu, amene mabuku ake otchedwa Praxis et theorica criminalis anaŵerengedwa m'mabwalo a ku Ulaya kwa zaka zoposa zana. Ntchito imene anailandira inali yolemetsa. Kukana kuti sanaphe kunali kosatheka. Ndiponso malamulo akale a Aroma ankaona kupha kholo ngati mlandu woposa ina yonse, kotero kuti wolakwayo ankamsokerera m'thumba lachikopa ndi kumponya m'madzi. M'maganizo a nthaŵi imeneyo bambo m'nyumba anali chifaniziro cha mfumu m'dziko, ndipo wotukula dzanja pa bambo ankaoneka ngati wagwedeza mpando wa mfumu.

Farinacci anagaŵa chitetezo chake paŵiri. Za Bernardo anati ndi wamng'ono ndiponso wosakhwima nzeru, choncho sakanamvetsa kukula kwa zimene akulu ake ankapangana. Mfundoyi inali ndi mizu m'malamulo a Aroma, amene ankati munthu wosakwana zaka 25 sanafike pa uchikulire weniweni. Za Beatrice anati bambo wake anafuna kumchita zamalaulo, kugona ndi mwana wake wom'bala, ndipo kuti bambo wotere wadzivula yekha ubambo, kotero womupha sangaŵerengedwe ngati wapha kholo. Mfundo yoyamba inapulumutsa moyo: Bernardo sanaphedwe, anamlamula kukapalasa zombo za boma, ndipo patapita zaka anamasulidwa. Yachiŵiri inagwa, chifukwa umboni wake sunakwanire pamaso pa oweruza.

Pamenepa mpofunika kuganiza mofatsa. Chifukwa ninji katswiri ngati Farinacci anatsamira pa chinthu chovuta kuchitsimikiza, nasiya zinthu zimene antchito a m'nyumbamo anaziona ndi maso, monga kutsekeredwa kwa zaka zitatu ndi kukwapulidwa? Yankho lake nlomvetsa chisoni: zimenezo pa malamulo sizinali mlandu wolemera. Bambo anali ndi ufulu wolanga a m'nyumba mwake, ndipo malire a ufuluwo sankayang'aniridwa ndi munthu. Nkhoswe inayenera kufuna choipa chachikulu koposa, choti ngakhale oweruza a nthaŵiyo anyansidwe nacho, popeza nkhanza za tsiku ndi tsiku zinalibe dzina pa bwalo. Ine ndiona kuti kulephera kwa mlanduwu kunagona pamenepa, osati pa luso la loya.

Nzeru zoyezera mlandu wotere sizinasoŵe mu Eklezia. Thomas Aquinas Woyera, pofotokoza za ntchito za munthu, anaphunzitsa kuti chochitidwa chifukwa cha mantha chimakhalabe chofuna mwini, koma ufulu wake ndi wosakanizika, si wathunthu. Komabe tisamkokere kumene sanapite: iye amaloleza kudziteteza pamene chiŵembu chili pa iwe nthaŵi yomweyo, osati kupangana za kupha munthu wogona. Choncho Beatrice analakwa ndithu, ndipo amene amamsandutsa woyera, monga anachitira olemba ena a m'zaka za m'ma 1800, amaipitsa mbiri. Funso silinali lakuti kodi ndi wosalakwa, koma lakuti kodi kulakwa kwake nkolemera motani, ndipo chilango chomuyenera nchotani. Kale lomwe Augustine Woyera, m'kalata yake kwa Macedonius, nduna ya boma ku Afirika, anateteza mwambo wa maepiskopi wopepesera olakwa kwa oweruza, nati kutero si kuvomereza tchimo koma kumpatsa wochimwa nthaŵi yolapa. Ku Roma mu 1599 vuto linali lakuti wopepesera ndi woweruza anali munthu mmodzi.

Anthu ambiri otchuka anapempha chifundo, ndipo kwa kanthaŵi zinaoneka ngati Apapa angafeŵe mtima. Koma kumayambiriro kwa Seputembala kunamveka kuti Paolo Santacroce, wa banja lina lolemekezeka, wapha mai wake nathaŵa. Clement VIII, amene anali atatopa ndi kusamvera malamulo kwa mabanja olemera, anaganiza zopereka chitsanzo. Motero Beatrice analangidwa pa mlandu wake ndiponso pa mlandu wa munthu wina amene sanagwidwe. Chilungamo chofuna kuopseza ena chimaleka kuyang'ana nkhope ya amene waima patsogolo pake. Chinanso chimene chinadetsa mbiri ya chiweruzochi nchakuti chuma cha banjalo chinalandidwa, ndipo munda waukulu wa Torrenova unagulidwa mu 1600 ndi Giovanni Francesco Aldobrandini, wachibale wa Apapa omwewo. Kaya panali chinyengo kaya panalibe, anthu a ku Roma anaona, ndipo sanaiŵale.

Zimene Farinacci anasoŵa nazo mawu, malamulo a Eklezia a masiku ano amazitchula poyera. Buku la malamulo la 1983, pa nambala 1323 ndi 1324, likuti wosakwana zaka 16 salangidwa, ndipo chilango chichepetsedwe kwa amene sanakwane zaka 18, kwa wochita chinthu chifukwa cha mantha aakulu, ndi kwa amene anaputidwa koopsa popanda chifukwa. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 1735, akuti mantha ndi kuumirizidwa zingachepetse kapena kuchotseratu kulakwa kwa munthu. Ndipo mu 2018 Papa Francis anasintha nambala 2267 kuti inene kuti chilango cha imfa nchosaloledwa. Panapita zaka 419 kuchokera tsiku lija la pa mlatho.

Mtembo wa Beatrice anaunyamula madzulo a tsiku lomwelo, khamu la anthu likuperekeza ndi miyuni ndi maluŵa, nakauika m'tchalitchi la San Pietro in Montorio. Farinacci anapitiriza ntchito yake, ndipo mu ulamuliro wa Papa Paul V anapatsidwa udindo wa mkulu woimba anthu milandu m'dzina la boma.