Laputopu yakale ndi mbiri ya Unix

M'nyumba zambiri za ife okhala kunja kuno muli laputopu yakale imene ikugona pamwamba pa wadiropu. Inayamba kuchedwa, tinatopa nayo, ndipo tsopano ikungodikira tsiku loitaya kapena loipatsira munthu wopita kumudzi. Tisanaiweruze, ndi bwino tidziwe kuti pali banja la mapulogalamu oyendetsa kompyuta lomwe linabadwira pa makina onyozeka ngati amenewa.

Mu 1969 kampani ya Bell Labs ku New Jersey inachoka mu ntchito yaikulu yotchedwa Multics, yomwe inkadya ndalama zambiri. Ken Thompson, mmodzi wa akatswiri ake, anatsala manja lende, pakuti akuluakulu sanafune kugula kompyuta ina. Anapeza PDP-7 yakale imene anthu sankaigwiritsa ntchito kwenikweni. Mkazi wake atapita ndi mwana kukaona abale ku California, iye anakhala pansi masabata owerengeka nalemba maziko a Unix. Memore ya makinawo inali pafupifupi makilobayiti 18, malo osakwana ngakhale chithunzi chimodzi cha zomwe timatumizirana pa WhatsApp. Umphawi umenewu ndiwo unawaphunzitsa mwambo: pulogalamu iliyonse ikhale yaing'ono, igwire ntchito imodzi, ndipo iigwire bwino. Mu 1973 Thompson ndi Dennis Ritchie analembanso Unix m'chinenero cha C, kotero kuti inatha kusamukira pa makina a mitundu ina.

Koma Unix inali ndi eni ake, ndipo chiphaso chake chinali chodula. Mu 1983 Richard Stallman anayambitsa ntchito ya GNU, yofuna kupanga chofanana ndi Unix chomwe aliyense angakopere ndi kusintha. Gawo lapakati, lolamulira makina enieniwo, linachokera kwa Linus Torvalds, wophunzira wa zaka 21 ku Helsinki, mu 1991. Iye analilemba pa kompyuta ya 386 ya memore ya mamegabayiti 4, yomwe anagula pangongole. Mu 1992 anaika Linux pansi pa chilolezo cha GPL, ndipo ichi ndicho chifukwa chake mpaka lero palibe amene amatifunsa ndalama tikaiika pa laputopu yathu.

Ambiri a ife tinaimva koyamba kudzera mu Ubuntu, yomwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa mu Okutobala 2004, atamanga pa maziko a Debian. Dzinalo silinali lachilendo m'makutu mwathu, pakuti ndi umunthu womwe uja. Mpaka mu 2011 ankatumiza zimbale za CD kwaulere papositi kwa aliyense wopempha, ndipo panthawi imene intaneti inali yochedwa ndi yodula, chimbale chimodzi chinkazungulira nyumba zingapo.

Tisabise, mwana wa mmphawi uja naye ananenepa. Mu 2017 Ubuntu inaleka kutulutsa zimbale za makompyuta a 32-bit, ndipo Debian 13 ya mu 2025 inachitanso chimodzimodzi. Mwambo wakale unatsalira m'timagulu tating'ono monga Puppy Linux, imene Barry Kauler anayamba ku Australia mu 2003, komanso Xubuntu ya mu 2006, Lubuntu ndi antiX. Timagulu timeneti tinapezanso ntchito pa 14 Okutobala 2025, pamene chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 chinatha. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, komwe malaputopu ambiri akale alibe, ngakhale kuti thupi lawo lonse likadali lamphamvu. Ife amene timasamalira okalamba sitivutika kumvetsa nkhani yotere.

Yathu, ya memore ya magigabayiti 2, tinaigwira m'mawa wina titaweruka ntchito ya usiku. Tinayamba ndi kusamutsa zithunzi ndi makalata onse, chifukwa kuika Linux mwatsopano kumafafaniza zonse za mkati. Tinaika antiX pa fulashi, tinauza laputopu kuti idzukire pa fulashipo, ndipo tinayamba taiyesa isanalowe mkati. Kuyesako kunatithandiza, pakuti wifi inakana, ndipo tinachita kulumikiza waya kuti tikopere kapulogalamu koyendetsa kachipangizoko. Tulo tinagona masana.

Tsopano imalemba makalata, imatsegula maphunziro a pa intaneti amene kuntchito amatilamula kubwereza chaka ndi chaka, monga a kanyamulidwe ka odwala, ndipo ana amalemberapo homuweki. Chimene sichitheka ndi kutsegula masamba khumi a intaneti nthawi imodzi. Masamba a masiku ano ndi olemera kwambiri, ndipo tikafika pa lachinayi kapena lachisanu, fani imayamba kulira.