Sowo, taipi ndi mkuwa: mbiri ya maphunziro a ntchito zamanja m'masekondale a ku Kitwe ndi Ndola

Pamene Zambia inkalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, inali m'gulu la mayiko otulutsa mkuwa wambiri padziko lonse, koma nzika zake zokhala ndi digiri zinali pafupifupi 100 zokha. Amisiri ophunzira nawonso anali osowa, ndipo kusowako kunali kochita kukonza. Pa mgodi wa Nkana ku Kitwe munthu wakuda ankaloledwa kuphwanya mwala, kukankha ngolo ndi kunyamulira mzungu bokosi la zipangizo, koma ufitala, ntchito zamagetsi ndi umisiri wina wa malipiro abwino zinali zotchingidwa. Bungwe la azungu ogwira ntchito m'migodi ndilo linkalondera mpanda umenewu, ndipo lamulo la kuphunzira umisiri pantchito silinkawerengera Mwafirika mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950.

Sukulu nazo zinali zogawikana. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, maphunziro a ana a azungu anali m'manja mwa boma la chitaganya, pomwe a ana akuda anasiyidwira boma la Northern Rhodesia. Kitwe Boys, Kitwe Girls imene lero ndi Helen Kaunda, komanso Llewellin High School ya ku Ndola imene lero ndi Kansenshi, zinali za azungu. Mwana wakuda wa ku Wusakile kapena ku Chifubu wofuna umisiri ankayang'ana ku masukulu ochepa ophunzitsa ukalipentala ndi kumanga nyumba, ndipo wamwayi ankakafika ku sukulu ya Hodgson ku Lusaka, imene pambuyo pake inasanduka David Kaunda Technical Secondary School.

Mbiri imeneyi inasiya chipsera m'mitima ya makolo. Bambo wochokera ku Chipata kapena ku Nyasaland, amene anaona ndi maso ake kuti kalaliki wa pamgodi amavala malaya oyera ndipo amagona m'nyumba yabwinoko, sankafuna kumva zoti mwana wake wapita kusekondale kukagwira sowo. Kwa iye ntchito yamanja inali imene atsamunda anasankhira anthu akuda. Maganizo amenewa anatsatira maphunziro a zamanja kwa zaka zambiri, ndipo nduna zamaphunziro zimene zinkabwera sizinathe kuwazula.

Komabe boma latsopano linkafuna amisiri msangamsanga. M'chaka cha 1967 katswiri wa ku Canada, W.A.B. Saunders, anapereka lipoti limene linasintha kaphunzitsidwe ka umisiri m'dziko lonse: m'malo moti mnyamata aphunzire potsatira mmisiri pantchito, aziyamba waphunzira kukoleji kenako n'kukalembedwa ntchito. Panakhazikitsidwa bungwe loona za maphunziro a umisiri, limene Valentine Musakanya analitsogolera. Ku Ndola kunali Northern Technical College, imene aliyense amangoitchula kuti NORTEC, ndipo ku Kitwe kunatsegulidwa Zambia Institute of Technology, pamalo pamene lero pali Copperbelt University. Makoleji amenewa ankafuna ana odziwa kale kuwerenga pulani ndi kugwira chitsulo. Ngongole ya World Bank ya 1969 inathandiza kukuza masekondale ndi kumangamo zipinda za maphunziro a zamanja.

Apa ndiye panayambira nyengo imene akuluakulu a ku Chamboli, Mindolo, Masala ndi Lubuto amaikumbukira. Mnyamata wa Fomu 1 ankalowa m'chipinda cha woodwork n'kupeza mabenchi ataliatali, masowo atapachikidwa pakhoma, tchizulo chilichonse chili ndi malo ake. Asanaloledwe kupanga kampando, ankayamba waphunzira kupala thabwa kuti liwongoke ndi kulumikiza matabwa awiri popanda msomali. Ku metalwork kunali kudula, kupala ndi kupinda chitsulo. Ku technical drawing kunali kujambula chinthu chimodzi monga chimaonekera kutsogolo, pambali ndi pamwamba, mzere uliwonse ndi kunenepa kwake. Phunziro lojambula limeneli ndilo linali khomo lenileni la uinjiniya, chifukwa pamgodi palibe chimene chimapangidwa chisanajambulidwe.

Atsikana ankalozeredwa khomo lina: kuphika, kusoka ndi kusamala nyumba, zimene poyamba zinkatchedwa domestic science kenako home economics. Panalinso maphunziro a zamalonda, monga kusunga mabuku a ndalama, ntchito za mu ofesi ndi kutaipa. Mtsikana wodziwa kumenya taipi mosayang'ana zala ankapeza ntchito m'maofesi a migodi, kubanki kapena m'mafakitale a ku Ndola, mzinda umene panthawiyo unali ndi fakitale ya matayala ya Dunlop, mafakitale a nsalu ndi sopo, ndiponso malo oyengera mafuta a Indeni amene anatsegulidwa mu 1973. Kugawa ana motere kunali kulakwa kwakukulu, pakuti atsikana ambiri a mutu wa masamu sanagwireko n'komwe pensulo yojambulira makina.

Ena mwa aphunzitsi a maphunzirowa ankachokera pafupi. Technical and Vocational Teachers' College ya ku Luanshya inkasula aphunzitsi a zamanja ndi zamalonda, ndipo Copperbelt Secondary Teachers' College ya ku Kitwe, imene tsopano ndi Mukuba University, inkaphunzitsa a sayansi, masamu ndi home economics.

Kenako mtengo wa mkuwa unagwa. Pofika 1975 ndalama za boma zinali zitachepa kwambiri, ndipo m'chaka chomwecho Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti sukulu iliyonse ikhale ndi production unit, kutanthauza munda, khola la nkhuku kapena chipinda chopangira zinthu zogulitsa. Ndondomeko yosintha maphunziro ya 1977 inatsindikanso zophatikiza kuphunzira ndi ntchito. Cholingacho chinali chabwino, koma chinabwera pa nthawi imene thumba linali litabooka. Phunziro la mbiri yakale limatheka ndi choko ndi bolodi, pomwe woodwork imadya matabwa tsiku ndi tsiku, metalwork imafuna zitsulo, magetsi ndi masipeya ochokera kunja. Makina akawonongeka ankangokhala. M'masukulu ambiri ana anayamba kuphunzira za chipangizo pochijambula m'kope, osachigwira. Choipanso, kupalira m'munda wa sukulu kunasanduka chilango cha ochedwa ndi olongolola m'kalasi, zimene zinangotsimikizira ana kuti ntchito yamanja ndi ya olakwa.

Migodi yokha inadzipezera njira yake. Kampani ya migodi ya ZCCM, imene inapangidwa mu 1982, inatsegula Mpelembe Secondary School ku Kitwe mu 1983 kuti izisula ana anzeru m'masamu ndi sayansi, odzakhala mainjiniya ake. Sukuluyi inatchuka chifukwa kumbuyo kwake kunali kampani yolipira zipangizo ndiponso yodikira ophunzirawo ndi ntchito, zinthu ziwiri zimene masukulu aboma anali atayamba kuzisowa.

Zaka za m'ma 1990 zinali zowawa. Mafakitale ambiri a ku Ndola anatsekedwa, migodi inagulitsidwa kwa eni atsopano ndipo kugulitsako kunatha m'chaka cha 2000, anthu zikwizikwi n'kuchotsedwa ntchito. Apa m'pamene luso lonyozedwa lija linadyetsa mabanja. M'misika ndi m'mbali mwa misewu ya ku Chimwemwe, Buchi, Kabushi ndi Masala munadzaza owotcherera mafelemu a zitseko ndi mageti, okhoma mipando ndi mabedi, opanga mbaula, ndi amayi a makina osokera mayunifomu a sukulu. Ena analitenga kumgodi lusolo, ena kwa amalume, enanso pa benchi ya kusekondale.

Boma linakhazikitsa bungwe la TEVETA ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira maphunziro a umisiri, koma masekondale anadikira mpaka ndondomeko ya maphunziro ya 2013, imene inayamba kugwira ntchito mu 2014. Ndondomekoyi inatsegula njira ziwiri, ya m'mabuku ndi ya umisiri, ndipo woodwork, metalwork ndi technical drawing zinaphatikizidwa kukhala design and technology. Chatsopano chenicheni chinali chakuti mwana wa njira ya umisiri ankatha kulemba mayeso a Examinations Council of Zambia ndi kuyesedwanso ndi TEVETA, n'kutuluka ndi satifiketi ya umisiri imene bwana wolemba ntchito amaizindikira. Malo a taipi anatengedwa ndi kompyuta, ngakhale kuti pa mayeso oyamba a kompyuta a Giredi 9 mu 2015 makompyuta anachepa m'masukulu ambiri moti ana ena analemba mpaka usiku, akudikirana.

Atsikana tsopano ali ndi sukulu yawoyawo ya zaumisiri, Ndola Girls Technical, monga anyamata ali ndi Chiwala kufupi ndi mzindawo. Ndondomeko ina ya maphunziro, ya 2023, inabwezeretsa dzina la Fomu m'malo mwa Giredi m'masekondale, ndipo ana oyamba kuitsatira analowa Fomu 1 m'chaka cha 2025.