Matchona a ku Kasungu: Mbiri ya Abale Otayana ndi Kupezananso Kwawo

Pa nkhani zathu za mbiri yakale, lero tili ku Kasungu, ku chidikha cha fodya chimene chidayala kuzungulira phiri lotchuka lija. M'midzi ya kwa Mwase, kwa Kaomba, kwa Chulu, kwa Santhe, kwa Wimbe ndi kwa Kaluluma, mukakhala pansi ndi agogo ndi kuwapempha kuti atchule ana onse a mayi awo, kawirikawiri amafika pa dzina lina, naima pang'ono, kenaka nanena kuti, "Ameneyo adatchona." Mawu awiri okhawo asenza mbiri ya zaka zoposa zana limodzi, ndipo ndiyo tifuna kuilondola.

Mtchona ndi munthu amene adapita kutali kukafuna ntchito, nakhalitsa komweko kufikira makalata adaleka kubwera. Abale ake sadaone mtembo wake, kotero sadamlire maliro. Mkazi wake sadadziwe ngati ali pabanja kapena ndi wamasiye. Ana a mlongo wake, amene pa mwambo wa Achewa adayenera kuleredwa ndi kuimiridwa ndi iye monga mwini mbumba, adakula opanda nkhoswe. Tsono kutchona kwa mwamuna mmodzi kudali kugwa kwa mzati wa banja lonse.

Kodi zidayamba bwanji? M'mwezi wa December 1895, asilikali a Angerezi adathira nkhondo Mfumu Mwase Kasungu, nagonjetsa dziko lake, ndipo posakhalitsa adamanga linga lawo lotchedwa Fort Alston. Pambuyo pa mfuti padabwera msonkho wa nyumba, umene udayenera kukhomedwa ndi ndalama. Ku Kasungu ndalama idali yosowa. Minda ya azungu idali kutali kummwera, ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Mulanje, ndipo malipiro ake adali ochepa kwambiri. Pamenepo padamveka mbiri yakuti kutsidya kwa Zambezi, ku migodi ndi ku mapulazi a Southern Rhodesia, munthu amalandira zoposa zakuno, ndiponso kuti ku Johannesburg, kumene makolo athu ankakutcha ku Joni, amalipira koposa apo.

Anyamata adayamba kunyamuka m'magulumagulu, atamanga ufa ndi mphasa. Ambiri adalowera kuzambwe, nadzera ku Fort Jameson, mzinda umene lero ndi Chipata, natsetserekera ku Zambezi. Ulendo wapansiwo udali wa masabata ambiri, ndipo ena adathera m'njira ndi njala, malungo ndi zilombo. Pambuyo pake padabwera mabungwe olemba anthu ntchito: Wenela, yotengera anthu ku migodi ya golide ya ku South Africa, ndi Mthandizi, wotengera anthu ku Rhodesia. Komabe ambiri ankakonda kupita paokha, popanda chikalata chowakakamiza kubwerera pakutha pa nyengo yoikika, ndipo mwa amenewa ndimo mudatuluka matchona ochuluka.

Boma la atsamunda lidachita mantha ndi zimene lidayambitsa lokha. M'chaka cha 1935 lidakhazikitsa komiti yofufuza za anthu opita kunja, imene adaitsogolera Travers Lacey. Komitiyo idapeza kuti anthu a ku Nyasaland pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko, ndi kuti ambiri mwa iwo adali atatayana kotheratu ndi kwawo. Idachenjeza kuti midzi ya kumpoto ndi ya pakati ikutsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba zokha. Potsatira zimenezi, maboma a Nyasaland ndi a Rhodesia ziwiri zija adapangana za zitupa, ndipo patapita zaka adaonjezapo lamulo losunga gawo la malipiro kuti munthu akalandirire kwawo. Koma lamulo silikadatha kubweza mwamuna amene adali atakwatira kale ku Halale ndi kubereka ana olankhula Chishona.

Tisaganize kuti matchona onse adali anthu ouma mtima. Ambiri adachita manyazi kubwerera chimanjamanja, pakuti kumudzi ankayembekeza njinga, makina osokera, nsalu za amayi ndi jekete la amalume. Munthu ankati, "Ndipita chaka chamawa ndikasunga pang'ono," ndipo chaka chamawacho chidasanduka zaka makumi atatu. Ena adadwala chifuwa cha m'migodi, ena adalumala, ena adasintha maina pa zitupa kotero kuti kalata yochokera kumudzi sidawapeze. Ngakhale zidali tero, kumeneko adasunga zakwawo. Adayambitsa mabungwe othandizana pa maliro, adavina gule wamkulu m'makomboni, ndipo adapemphera m'Chinyanja. M'chaka cha 1912 mbusa T.C.B. Vlok adachoka kuno kupita ku Salisbury kukatumikira anthu a ku Nyasaland, ndipo mpingo umene udakula kumeneko ndiwo lero uli Sinodi ya Harare ya CCAP. Abusa ndi alaliki oyenda pakati pa maiko awiriwa ankanyamula makalata ndi mauthenga, nakhala ngati mlatho wa mabanja.

Wailesi nayo idachitapo mbali yake. Kuyambira m'chaka cha 1949, pamene kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special kadayamba kugulitsidwa, nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inkamveka ku Nyasaland ndi ku Rhodesia konse. Pa pologalamu ya zopempha omvera yotchedwa Zimene Mwatifunsa, munthu wa ku mgodi ankatumiza moni kwa abale ake, natchula mudzi ndi mfumu yake. Kwa mayi wokhala pakhonde kumudzi, kumva dzina la mwana wake kudali umboni wokwanira wakuti akali moyo.

Mwa ana a Kasungu amene adayenda njira imeneyi, awiri ndi odziwika m'mbiri ya dziko lino. Woyamba ndi Hanock Msokera Phiri, amene adaphunzira ku Livingstonia, nagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku South Africa. Iyeyu sadatchone. Adabwerera m'chaka cha 1924 ali mbusa wa mpingo wa African Methodist Episcopal, nakhazikitsa mishoni ndi sukulu ku Mdabwi. Wachiwiri ndi mphwake, Hastings Kamuzu Banda, amene adachoka ku Kasungu wapansi cha m'ma 1915, napeza amalume akewo ku Hartley, kumene lero ndi Chegutu. Awiriwo adapitirira limodzi ku South Africa. M'chaka cha 1925 Banda adaolokera ku America, kumene adatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry mu 1937. Adagwira ntchito ku Britain ndi ku Ghana, ndipo adatera pa Chileka pa 6 July 1958, patatha zaka zoposa 40.

Kubwera kwake kukutiphunzitsa zimene zimagwera mtchona aliyense. Ali ku Chicago adathandiza katswiri wa zinenero Mark Hanna Watkins kulemba buku la malamulo a Chichewa, limene lidasindikizidwa mu 1937. Koma pobwerera ankalankhula kwa anthu ake m'Chingerezi, ndipo John Msonthi ndi ena ankamasulira. Padamvekanso manong'onong'o akuti wobwerayo sadali mwana yemwe uja adachoka, ngakhale olemba mbiri ya moyo wake adalondola mapazi ake kuchokera ku sukulu ya Mtunthama kufikira kubwerera kwake. Ngati munthu wotchuka chotero adakayikiridwa, nanga bwanji mkulu wosauka wofika ndi kasutikesi kamodzi, amene onse omudziwa adagona kale kumanda?

Chaka cha 1974 chidatembenuza zinthu. Pa 4 April ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo anthu 78 adafa, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo kuchokera ku migodi. Boma lidaletsa kulemba anthu a ku migodi, amene pa nthawiyo adali oposa 100,000, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira ambiri adabwerera. Kulembako kudayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma kwa anthu ochepa, ndipo kudatheratu mu 1988.

Zaka zomwezo ndizo zidasandutsa Kasungu kukhala dziko la fodya. Bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, makampani a Press Farming ndi General Farming, ndiponso anthu ena apamwamba, adatsegula maesiteti aakulu pa malo amene kale adali m'manja mwa mafumu. Boma limene linkatumiza ana ake kunja lidayamba kulandira ana a eni. Malole ankabwera ndi mabanja ochokera ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo, ku Zomba ndi ku Mangochi kudzalima fodya monga matenanti. Ankalandira chimanga ndi feteleza pangongole, ndipo fodya akagulitsidwa ambiri ankapezeka alibe ndi ya basi yomwe. Motero kudabadwa mtundu watsopano wa matchona, otchona m'dziko lawo lomwe. Lero ku Kasungu kuli akuluakulu olankhula Chichewa cha komweko, amene amadziwa kuti agogo awo adali Alomwe kapena Ayao a kummwera, koma mudzi wake sadauonepo. Nyumba ya Malamulo idaletsa utenanti mu 2021, koma lamulolo silidabwezere munthu mudzi umene makolo ake adausiya.

Tibwerere kwa amene adatsala ku Zimbabwe. Kuyambira m'chaka cha 2000, pamene mapulazi a azungu adalandidwa, antchito ambiri a m'mapulazimo adasowa pokhala, ndipo pakati pawo padali ana ndi adzukulu a matchona. Lamulo la unzika la 2001 lidachititsa ambiri a iwo kuwerengedwa ngati alendo m'dziko limene adabadwiramo. Malamulo aakulu a dzikolo a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira komweko amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC, koma opanda zikalata za makolo adavutikabe. M'zaka zimenezo ena adakwera basi kudzera pa Nyamapanda, Tete ndi Dedza, atagwira kapepala kolembedwa maina atatu okha: la agogo, la mudzi ndi la mfumu.

Pano pali mfundo yofunika kuimvetsa, chifukwa ndiyo imabala misozi pa maulendo otere. Kwa Ashona mwana ndi wa kwa bambo ake. Tsono mwana wa mtchona, wobadwa kwa mayi wa Chishona, amauzidwa kuyambira ali wamng'ono kuti kwawo ndi ku Malawi. Akafika ku Kasungu apeza kuti pa mwambo wa Achewa mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo munda umatsata mbumba. Kumeneko ali mlendo chifukwa cha bambo ake, kuno ali mlendo chifukwa cha mayi ake. Kale, malo adakali ochuluka, nyakwawa inkangoloza thengo niti, "Limani apo." Koma pa kalembera wa 2018 boma la Kasungu lidapezeka ndi anthu oposa 800,000, pamene mbali yaikulu ya nthaka ili m'maesiteti ndi m'nkhalango yosungira nyama. Nchifukwa chake mlendo wonena kuti ndi mbale amalandiridwa nthawi zina ndi diso lokayika, poopa kuti wadzera munda.

Komabe makolo adatisiyira njira yozindikirira mbale. Mlendo amayamba wafika kwa nyakwawa, natchula mfunda wake, kaya ndi Banda, Phiri, Mwale kapena Mbewe. Amatchula dzina la ubwana la amene adachoka, maina a alongo ake, ndi mtsinje umene ankamwa. Amaitanidwa amayi achikulire, pakuti ndiwo nkhokwe ya maina a mbumba. Maina akagwirizana, choyamba ndi maliro: amalira amene adafera kutali osaikidwa ndi abale ake, ndipo mlendo amapepesa maliro onse amene adachitika iye kulibe. Kenaka amamuonetsa manda a makolo, namuphera nkhuku. Pamenepo ndipo pamaoneka tanthauzo la mwambi uja wakuti chibale ndi fupa, sichiola.

Pali kupezananso kwina kumene kumachitika chaka ndi chaka. Malire amene atsamunda adalemba adadula dziko la Achewa patatu, kotero kuti Mwase wa ku Kasungu adatsala m'Malawi ndipo Mwase wa ku Lundazi adagwera m'Zambia. Mwambo wa Kulamba, umene udatsitsimutsidwa mu 1984, umasonkhanitsa Achewa a m'Malawi, Zambia ndi Mozambique ku Mkaika, m'boma la Katete, kwa Kalonga Gawa Undi, kumapeto kwa mwezi wa August. Kumeneko anthu amene zitupa zawo ndi za maiko osiyana amafunsana mifunda, napezana kuti ndi a bere limodzi.

Omvera anzanga, njira ya ku Joni sidatsekeke. Anyamata ndi atsikana a ku Kasungu akupitabe, ndipo ngakhale lero kuli lamya za m'manja, nambala ikasintha munthu amasowa monga momwe ankasowera agogo ake. Tsono ngati m'mudzi mwanu mudakali nkhalamba yodziwa maina, khalani nayo pansi sabata ino ndi cholembera. Lembani dzina la amene adachoka, chaka chimene adachoka, ndi mgodi kapena pulazi imene kalata yotsiriza idachokera. Inu amene muli kutali, uzani ana anu mudzi, mfumu ndi mfunda wa amayi anu. Ndipo tsiku lina mlendo wa Chichewa chopotoka akadzaima pabwalo panu ndi kapepala m'manja, muyambe mwamupatsa mpando ndi madzi akumwa, nkhani ya munda idzabwere pambuyo. Akulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.