Wogonja naye ali ndi nyimbo yake

Anzanga a kunyanja, mukafika ku Kachebere, Mchinji, dziwani kuti kungodumpha malire ndi kwa Mpezeni. Mu 1898 mwana wake Nsingo anatsogolera Angoni kumenyana ndi asilikali a Britain. Mikondo inagonja kwa mfuti. Nsingo anamugwira, kumuweruza mwachangu, n'kumuwombera ngati chigawenga.

Chonsecho Angelezi omwewo amasunga ndakatulo yakale ya nkhondo ya ku Maldon, ya mu 991. Mtsogoleri wawo Byrhtnoth anaphedwa ndi ma Viking, koma mlakatuli anamupatsa ulemu, n'kutamanda anyamata amene anakana kuthawa. Wawo akagonja ndi ngwazi, wathu chigawenga?

Mbiri imakomera amene wasunga nyimbo. Za makolo anu, ngakhale zopalasira bwato, jambulani pafoni agogo akadali moyo.